Kusankha mankhwala a matenda a Cushing pa galu wokalamba

Galu wachikulire akayamba kupapira madzi, kukodza m'nyumba usiku, kudya osakhuta, mimba n'kulendewera ubweya ukuthothoka mbali zonse ziwiri, eni ake ambiri amangoti wakalamba. Nthawi zina ndi matenda a Cushing: thupi likupanga homoni ya cortisol mopyola muyeso. Mankhwala alipo, koma ndi amphamvu, ndipo kuwasankha kumadalira gwero la matendawo komanso ngati mudzatha kumabwerera kukayezetsa magazi.

Yambani ndi mbale ya madzi. Kwa masiku atatu, yezani madzi amene mwathira m'mawa ndi amene atsala mawa lake. Galu akamamwa kupitirira mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndiye kuti galu wa makilogalamu 20 akupyola malita 2, pali vuto. Nambala imeneyi muisunge, ndi imene idzakuuzeni ngati mankhwala akugwira ntchito. Muuzenso dokotala wa ziweto ngati galu wakhala akulandira prednisolone kapena mankhwala ena a steroid, ngakhale odontheza m'khutu kapena opaka pakhungu. Amenewa amabweretsa zizindikiro zomwezo, ndipo chofunika ndi kuwachepetsa pang'onopang'ono, osati kuwasiya tsiku limodzi.

Musalole kuyamba mankhwala chifukwa choti ALP, enzayimu ya chiwindi yoyezedwa m'magazi, yakwera basi. Pamafunika kuyeza kwake: kuti aone cortisol, dokotala amabaya steroid wochepa wotchedwa dexamethasone n'kutenga magazi asanabaye, pakatha maola 4 ndi pakatha maola 8, kapena amabaya ACTH, homoni yochititsa thupi kupanga cortisol, n'kutenga magazi pakatha ola limodzi. Galu amene akudwala matenda ena tsikulo angaoneke ngati ali ndi Cushing pamene alibe, choncho achire kaye. Kenako sikani ya m'mimba, kuti gwero la matendawo lidziwike. Mwa agalu 80 mpaka 85 pa 100 alionse, gwero ndi kachotupa pa pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo kopanga ACTH. Otsalawo ali ndi chotupa pa adrenal imodzi, kachiwalo kopanga cortisol kokhala pafupi ndi impso, ndipo pafupifupi theka la zotupa zimenezi ndi khansa.

Chotupa cha pa adrenal chikakhala kuti sichinafalikire, opaleshoni ingachiritsiretu. Ndi opaleshoni yaikulu yofuna dokotala woizolowera, ndipo galu wa mtima wofooka sangaipirire. Opaleshoni ya pituitary imachitika m'zipatala zowerengeka, monga cha ku Utrecht ku Netherlands. Agalu ambiri, motero, amathera pa mankhwala akumwa moyo wawo wonse.

Oyamba kuganizira ndi trilostane, wogulitsidwa ndi dzina loti Vetoryl. Amatseka njira imene adrenal imapangira cortisol, ndipo mphamvu yake imatha m'maola owerengeka, n'chifukwa chake mukamusiya thupi kawirikawiri limabwerera mwakale. Madokotala ambiri tsopano amayamba motsika: pafupifupi mamiligalamu 2 pa kilogalamu kamodzi patsiku, kapena miligalamu 1 pa kilogalamu kawiri patsiku. Galu amene m'mawa ali bwino koma usiku ludzu labwerera, kapena amene alinso ndi matenda a shuga, amachita bwino ndi kawiri. Mupatseni ndi chakudya nthawi zonse, chifukwa m'mimba mopanda kanthu mankhwalawa salowa bwino m'magazi. Kapisozi musaitsegule kapena kuigawa, ndipo mayi woyembekezera asaigwire. Magazi amayezedwa pakatha masiku 10 mpaka 14, pakatha mwezi, pakatha miyezi 3, kenako miyezi 3 iliyonse. Tsiku loyezetsa mupatseni mankhwala ndi chakudya monga mwa masiku onse, chifukwa kuyeza kwa ACTH kumachitika maola 4 mpaka 6 atamwa. Apa ambiri amalakwitsa: amabwera ndi galu wosadya wosamwa mankhwala, cortisol n'kuoneka yokwera, mlingo n'kukwezedwa popanda chifukwa. Trilostane sayenera galu wa impso kapena chiwindi chodwala, ndipo akaphatikizana ndi spironolactone, mankhwala okodzetsa, kapena mankhwala a mtima ngati benazepril, potaziyamu angakwere moopsa.

Mitotane, kapena kuti Lysodren, ndi wakale ndipo amagwira ntchito mwa njira ina: amapha mbali ya adrenal yeniyeniyo. Pamakhala sabata yoyambira, pafupifupi mamiligalamu 50 pa kilogalamu patsiku ogawidwa kawiri, kenako mlingo wonga wa tsiku limodziwo umakhala wa sabata yonse. Sabata yoyambayo imafuna munthu wokhala pakhomo. Galuyo muzimupatsa chakudya kaye, mapiritsi pambuyo, ndipo muziyang'ana mmene akudyera. Galu amene dzulo amamaliza mbale osadzutsa mutu, lero akaima pakati, n'kukuyang'anani, kenako n'kupitiriza, musapatsenso piritsi lina. Imbirani dokotala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi madzi amene akumwa akatsika kufika mamililita 60 pa kilogalamu patsiku. Valani magolovesi pogwira mapiritsiwa. Ngati simungathe kuyang'anira chotere, mitotane si wanu. Pa kutalika kwa moyo, mankhwala awiriwa sasiyana kwenikweni, ndipo agalu ambiri amakhala zaka ziwiri kapena kuposerapo. Selegiline ndi ketoconazole amatchulidwanso, koma sadalirika ngati awiriwa.

Ngozi ya onse awiri ndi imodzi: cortisol kutsika kwambiri. Galu akasanza, akatsegula m'mimba, akakana chakudya, akamanjenjemera kapena kulephera kudzuka, siyani mankhwala nthawi yomweyo n'kupita naye kuchipatala, osadikira mawa. Sodiyamu akatsika potaziyamu n'kukwera, mtima ungaime. Pemphani dokotala akupatsiretu mapiritsi a prednisolone, olowa m'malo mwa cortisol, osunga pakhomo ndi mlingo wake wolembedwa. Galu wobayidwa insulin amafuna yocheperako cortisol ikatsika, choncho shuga ayezedwe pafupipafupi masabata oyamba.

Kusapereka mankhwala nakonso ndi chisankho. Galu amene magazi akuonetsa Cushing koma samwa madzi mopitirira, sadwala matenda a chikhodzodzo kapena a pakhungu, ndipo BP yake ili bwino, angayang'aniridwe kaye. Cortisol yambiri imabisa ululu wa nyamakazi ndi kuyabwa, ndiye ena akayamba mankhwala amayamba kutsimphina kapena kudzikanda. Zimenezo zimathandizidwa padera. Ludzu ndi njala zimachepa m'masabata oyamba, koma ubweya ungatenge miyezi 3 mpaka 6 kuti umere, choncho mlingo usakwezedwe chifukwa choti msana ukadali wopanda ubweya.