Mmene mungawerengere mutu ndi maso a corn snake yoweta

Corn snake, njoka yopanda ululu yochokera kum'mwera chakum'mawa kwa America, m'madera ngati Florida ndi Georgia, siona bwino patali. Maso ake amagwira msanga chinthu choyenda, koma zambiri imazidziwa ndi lilime: imatola nalo fungo n'kulipereka ku kachiwalo ka m'kamwa chakumwamba kotchedwa Jacobson's organ. N'chifukwa chake mutu ukamayenda mokudabwitsani, yambani mwayang'ana lilime.

Ikadzutsa khosi n'kumatembenuza mutu, lilime likutuluka pafupipafupi, ndiye kuti ikungofufuza. Musaisokoneze. Ikapinda khosi ngati chilembo S, mchira ukunjenjemera, yachita mantha ndipo ikhoza kuluma. Nthawi zambiri vuto ndi dzanja lotsika kuchokera pamwamba, poti kutchire adani ake monga akabawi amadzera komweko. Igwireni kuchokera m'mbali, pakati pa thupi. Podyetsa, mbewa yakufa yochokera m'firiji, yosungunulidwa bwino, muigwire ndi chopanira, muigwedeze pang'ono patsogolo pa mphuno. Kuphonya mbewayo kamodzi sikutanthauza kuti njokayo siona ayi.

Njoka ilibe zikope. Diso lililonse limakutidwa ndi kamamba koonekera, komwe kamachoka pamodzi ndi khungu ikamafundula. Nthawiyo ikayandikira, maso amachita mbuu, otuwa mobiriwira, chifukwa cha madzi omwe amalowa pakati pa khungu lakale ndi latsopano. Masiku amenewa siona kwenikweni, imabisala, imakana chakudya ndipo imadzidzimuka msanga. Musaigwire popanda chifukwa. Maso amayera kaye, kenako patapita masiku ochepa ndi pomwe imafundula. Zonse zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri.

Ikafundula, tambasulani khungulo kumutu muone ngati timamba tiwiri ta maso tilipo. Kakasowa kamodzi, katsalira padiso, ndipo kawirikawiri chimachititsa ndi kuuma kwa m'khola. Chinyezi chizikhala pakati pa 40 ndi 60 peresenti, ndipo pa nthawi yofundula ikanimo kabokosi kobisalamo kokhala ndi ndere za sphagnum zonyowa, zofinyidwa bwino. Kamambako musakatong'ole ndi zala kapena chopanira, mungaboole diso. Kakapanda kuchoka ndi chinyezi, pitani nayo kwa dokotala wa ziweto wodziwa za njoka. Onaninso m'mphepete mwa maso ngati muli timadontho takuda toyenda, tomwe ndi nthata za njoka. Njoka za maso ofiira, zotchedwa amel, kuwala kwambiri kumazivutitsa, choncho zizikhala ndi pobisala pamdima kumbali zonse ziwiri za khola, yofunda ndi yozizira.

Kuyenda kwa mutu koopsa n'komwe njokayo ikulephera kukuletsa. Mutu kupendekera kumbuyo n'kukhala choyang'ana kumwamba nthawi yaitali, komwe oweta amati stargazing, khosi kupotokola, kunjenjemera kosalekeza, kuphonya mbewa nthawi zonse, izi ndi zizindikiro za vuto la ubongo ndi minyewa. Yesani kuigoneka chagada mofatsa pansalu. Yathanzi imatembenuka nthawi yomweyo.

Ikalephera, yezani kaye kutentha. Mbali yofunda ikhale 28 mpaka 30°C, yozizira 22 mpaka 24°C. Chotenthetsera chopanda thermostat, kachipangizo koletsa kutentha kupyola muyeso, kapena khola lagalasi lowombedwa ndi dzuwa pawindo, zimaononga ubongo m'kanthawi kochepa. Kenako ganizirani mankhwala: opopera udzudzu ndi mphemvu m'chipinda, kapena ophera nthata okhala ndi permethrin akachuluka. Ngati mwapopera, isamutsireni m'bokosi laukhondo m'chipinda china. Mwa njoka zina za mtundu wa corn snake wotchedwa Sunkissed vutoli n'lobadwa nalo, limaoneka zidakali zazing'ono, ndipo zoterozo zisaberekane.

Koma ikadzutsa mutu kukamwa kuli yasa, ikulira mluzu popuma, thovu kapena mamina zikutuluka, ikuvutika kupuma ndipo matenda ali m'mapapo. Jambulani kavidiyo pafoni, lembani kutentha kwa khola ndi tsiku lomwe idadya komaliza, mupite nazo kwa dokotala pamodzi ndi njokayo tsiku lomwelo.