Kukweza Liwiro la RAM ndi Kuthetsa Mavuto Otsatirapo

RAM ndi chipangizo chimene kompyuta imasungamo kwa kanthawi zinthu zimene ikugwiritsa ntchito. RAM ya mtundu wa DDR4 ikangoikidwa mu kompyuta, kawirikawiri imayenda pa liwiro la 2133 kapena 2400 MT/s (mamiliyoni a maulendo otumiza deta pa sekondi) ngakhale pabokosi pake palembedwa 3600, chifukwa bodi yaikulu ya kompyuta (motherboard) imatsata muyezo wa JEDEC, bungwe loika miyezo ya RAM, kufikira mwini wake atailamula zina. Kuti mupeze liwiro lolembedwalo, dinani Delete kapena F2 kompyuta ikamayaka, mulowe mu BIOS, pulogalamu yoyendetsa bodi, ndipo mutsegule XMP, manambala a liwiro amene opanga RAM anasungamo kale, kapena EXPO ngati purosesa yanu ndi ya AMD yogwiritsa ntchito DDR5. Mukatero liwiro limakwera, ma timing (manambala a nthawi imene RAM imadikira isanayankhe) amasintha, ndipo magetsi amachoka pa 1.2V kufika pa 1.35V pa ma DDR4 ambiri. Ma RAM akakhala awiri, pa mabodi ambiri amayenera kulowa m'malo achiwiri ndi achinayi kuwerengera kuchokera pa purosesa, omwe amalembedwa A2 ndi B2. Pulogalamu ya CPU-Z ikaonetsa 1800 MHz musade nkhawa, popeza imaonetsa theka la liwirolo.

Kwa anthu ambiri kulekezera pamenepa n'kokwanira. Wofuna kupitirira asinthe chinthu chimodzi pa nthawi, kaya liwiro, kaya timing ngati CL kapena tRCD, ndipo azilemba papepala nambala iliyonse, pakuti mukasintha zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chalakwitsa. Pa mapurosesa a AMD a Ryzen 3000 ndi 5000, FCLK, lomwe ndi liwiro la njira yolumikiza zigawo za mkati mwa purosesa, iyenera kukhala theka la liwiro la RAM, monga 1800 MHz pa 3600. Zikasiyana, manambala amaoneka okongola koma kompyuta imachedwa kuyankha.

Kuyaka kwa Windows si umboni woti zonse zakhazikika, ndipo apa ndi pamene ambiri amanyengeka. RAM yosakhazikika imatha kuononga mafayilo mwakachetechete kwa masabata, mwini wake n'kumaloza chala disiki. Choncho yesani RAM ndi pulogalamu ya MemTest86 kuchokera pa flash mpaka itazungulira kanayi, kenako TestMem5 kapena OCCT kwa maola angapo. Cholakwika chimodzi chokha chikaoneka, mwalephera mayeso. Yesaninso khadi ya zithunzi ikugwira ntchito yolemetsa, chifukwa mpweya wotentha umene imatulutsa umawomba RAM, ndipo timing ya tRFC yothina kwambiri (ya nambala yotsika kwambiri) imene imapirira pozizira imayamba kulakwitsa kukatentha. N'chifukwa chake makina ena amapambana mayeso usiku wonse koma n'kuzima pakati pa gemu.

Sikirini ikakhala yakuda mutasintha zinthu, dikirani kaye mphindi zingapo, makamaka pa DDR5, popeza bodi imakhala ikudziphunzitsa manambala atsopanowo. Ikapanda kudzuka, zulani chingwe cha magetsi, chotsani batire yaing'ono ya CR2032 kwa mphindi zochepa, n'kuibwezera. BIOS ibwerera mmene inalili poyamba.

Sikirini yabuluu yolembedwa MEMORY_MANAGEMENT nthawi zambiri imaloza RAM, pamene mauthenga a WHEA (onena za zolakwika za zipangizo) mu Event Viewer, pulogalamu ya Windows yosunga zochitika, pa Ryzen amasonyeza kuti mwina FCLK yakwera mopyola. Wonjezerani magetsi a RAM ndi 0.01V n'kuyesanso, zikakanika, masulani ma timing (kwezani manambala ake) kapena tsitsani liwiro. Pa Ryzen 7000 magetsi a SoC, gawo la purosesa lomwe limayendetsa RAM, asapitirire 1.3V, malire amene AMD inaika mu 2023 mapurosesa ena atapsa. Zolakwika zikamabwerabe XMP itazimitsidwa, yesani RAM imodziimodzi m'malo amodzimodzi, kuti muone ngati ina mwa izo inabwera yowonongeka kale.