Malata a mkombaphala tinawapeza tsiku limodzi

Kagulu kathu ka ku Namwera kankapempha thandizo chaka chonse, anthu n'kumangoti "tidzakuonani", denga la sukulu ya mkombaphala likudonthabe. Ndinasintha njira. Tinasankha Loweruka limodzi la kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira malipiro. Tinajambula malata obooka aja n'kulemba mtengo wa lata limodzi, kuti aliyense adziwe chimene ndalama yake igule. Manambala a Airtel Money ndi Mpamba tinawatumiza pa WhatsApp, mpaka kwa abale athu a ku Joni, poti a ku Mangochi kumeneko ndi ambiri.

Ola lililonse ndinkalengeza malata amene apezeka. Mphamvu inali pamenepo: munthu akaona kuti atsala ochepa ndipo dzuwa likupendeka, sazengereza. Amayi odzipereka a m'kagulu kathu anatopa tsiku limodzi lokha. Lolemba tinaika malisiti pagulupo, mmisiri n'kukwera padenga.