Momwe mungasankhire face mill yopalira chitsulo cha stainless

Chitsulo cha stainless, chija chosachita dzimbiri, n'chouma mutu. Mukamachipala mwamantha, mano akungochisisita osaluma, chimalimba pomwepo, ndipo dzino lobwera pambuyo limakumana ndi khungu lolimba kuposa loyamba lija. Komanso sichitulutsa kutentha msanga ngati chitsulo wamba, choncho moto wonse umaunjikana kunsonga ya insert, kadzino kolimba kosinthika kamene kamadula chitsulocho. Posankha face mill, chida chozungulira chokhala ndi mano chimene makina amapalira nacho pamwamba pa chitsulo, funso n'lakuti: kodi ikhoza kuluma bwino pa makina amene muli nawowo?

Yambani ndi kudziwa chitsulo chili patebulopo. Mbale (zitsulo zaphwatalala) zambiri zimene zimafika m'mashopu, kaya ndi za mathanki a mkaka kapena zokonzera makina a m'mafakitale a tiyi ndi shuga, zimakhala za stainless ya mtundu wa 304 kapena 316. Ya 304 ili ndi chromium pafupifupi 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti. Ya 316 anawonjezeramo molybdenum, ndipo imadya ma insert msangako pang'ono. Gundikizani maginito. Akamamatira mwamphamvu, mwina ndi 430, yomwe sivuta kwambiri. Akakana, dziwaninso kuti tebulo la maginito silingagwire mbaleyo, konzani zomangira.

Kenaka yang'anani makina anu, osati katalogi. Makina akale a mtundu wa Bridgeport, a spindle (chozungulitsa face mill) ya R8 ndi mota ya mahosipawa awiri kapena atatu, sangakoke face mill ya mamilimita 100 pa stainless. Adzangonjenjemera n'kusiya mizere. Pamenepo ya mamilimita 50 kapena 63 ndi yokwana, ndipo zonsezi zimakhala pa arbor (chomangirapo face mill ku spindle) ya mamilimita 22. Sankhani ya mano otalikirana, anayi kapena asanu, kuti mano ochepa azikhala m'chitsulo nthawi imodzi ndipo zopalidwa zizipeza potulukira. Ya mano othinana isiyireni a CNC yolimba, makina oyendetsedwa ndi kompyuta.

Kukula kwa face mill kuzipitirira m'lifupi mwa malo mukudulawo ndi 20 mpaka 50 peresenti. Mbale ikakhala yaikulu, dutsani kangapo. Musaiike pakati penipeni pa mzere. Isunthireni mbali imodzi kuti dzino lizilowa likuluma chokhuthala n'kutuluka chopyapyala.

Tsopano nkhani ya ngodya, pamene ambiri amasochera. Pa ntchito yosalaza pamwamba, tengani ya madigiri 45. Imapyapyalitsa chopalidwa, dzino limalowa m'chitsulo mofewa, ndipo nsonga imakhalitsa osathothoka msanga. Koma ili ndi vuto limodzi: imakankhira mphamvu pansi. Mbale ikakhala yopyapyala, kapena yosakhazikika bwino pansi pake, imapindika pansi pa mano n'kubwerera mwakale mukangodutsa, ndiye mukayeza mupeza pakati patukuka. Zikatero ya madigiri 90 ndi yabwino, chifukwa mphamvu yake imapita cham'mbali. Ndi yomweyonso imene mungafune ngati pakufunika phewa lowongoka. Ya ma insert ozungulira ndi yolimba pogwetsa chitsulo chambiri, koma imafuna makina osagwedera.

Ma insert ndiwo amadya ndalama, osati thupi la face mill. Pabokosi funani chilembo M, chomwe chimakhala cha mtundu wachikasu. Ndilo gulu la stainless. P ya buluu ndi ya chitsulo wamba, ndipo ngakhale imadula, siikhalitsa. Akhale akuthwa, opendekera kutsogolo, okutidwa ndi kakhungu kolimba kopyapyala kotchedwa PVD, chifukwa stainless imakonda kumatirira pa dzino lobuntha n'kuzula kachidutswa pochoka. Ine ndimalangiza kugula thupi lolowa ma insert opezeka paliponse, monga SEKT1204 pa ya 45 kapena APKT1604 pa ya 90. Face mill ya Sandvik kapena Iscar ndi yabwino zedi, koma ngati ma insert ake ndi oitanitsa ku Johannesburg pomwe ndalama zakunja zikusowa, idzakhala m'kabati ngati chokongoletsa.

Musanalipire, werengerani ngati makina anu afika pa liwiro lofunika. Pa 304, dzino kuyenda mamita 150 pa mphindi ndi poyambira pabwino. Pa face mill ya 63 zimenezi zikutanthauza ma rpm (kuzungulira pa mphindi) pafupifupi 760. Dzino lililonse likamatenga mamilimita 0.15 ndipo mano ndi asanu, tebulo liziyenda mamilimita pafupifupi 570 pa mphindi. Ngati mumazungulitsa chogwirira ndi dzanja, musaime pakati pa ulendo. Pamene mwaimapo padzalimba.

Kudula koyamba kulowe pansi pa khungu la mbale, milimita imodzi kapena kuposerapo, makamaka m'mbali momwe anadula ndi moto wa plasma. Pogwetsa chitsulo chambiri palani pouma, mphepo ikuuluza zopalidwa. Madzi odontha apo ndi apo amang'alula insert chifukwa imatentha n'kuzizira pa kuzungulira kulikonse. Madzi abwere pomalizitsa, ndipo akhale ambiri.

Mukayesa, tolani zopalidwazo. Zikakhala zopiringizika, zoyera kapena za mtundu wa udzu wouma, face mill ndi makina agwirizana. Zikatuluka zabuluu wakuda, tsitsani ma rpm, koma musachepetse kukula kwa chimene dzino lililonse likutenga.