Momwe mungachirire pambuyo pa zoopsa: kuphatikiza chithandizo cha akatswiri ndi chisamaliro cha thupi

Munthu wamkulu amene anagwiriridwa, anapulumuka pa ngozi ya galimoto, anamenyedwa kwa zaka m'banja kapena anaona wina akuphedwa, amamva malangizo a mitundu iwiri. Ena amati apite kwa katswiri wa za maganizo. Ena amati azipuma mozama, azilimbitsa thupi, azipemphera. Zonsezi n'zofunika, koma ntchito yake ndi yosiyana. Njira za thupi zimakhazika mtima pansi kuti munthu athe kupirira, pamene ululu wa zimene akukumbukirazo umachepa akaziyang'anitsitsa mothandizidwa ndi munthu wophunzitsidwa. Wogwira mbali imodzi yokha amatha zaka akungozungulira pamodzimodzi.

Choyamba, liyezeni vutolo

M'masabata oyambirira, kusowa tulo, kudzidzimuka ndi kulira pafupipafupi si zachilendo, ndipo anthu ambiri amayamba kupeza bwino paokha. Zikapitirira mwezi umodzi n'kumasokoneza ntchito kapena banja, madokotala amaganizira za matenda a PTSD, ovutika maganizo pambuyo pa zoopsa, amene analowa m'buku la matenda a maganizo la madokotala a ku America mu 1980. Zizindikiro zake zili m'magulu anayi: zochitikazo kubwerera m'maganizo kapena m'maloto ngati zikuchitika pompano, kupewa malo ndi anthu okukumbutsani, kudziimba mlandu ndi kuchita dzanzi mumtima, komanso kukhala tcheru usana ndi usiku.

Pemphani kuti akuyezeni ndi mafunso otchedwa PCL-5. Alipo 20, lililonse mumaliyankha ndi nambala kuyambira 0 mpaka 4, ndipo zonse pamodzi sizipitirira 80. Zikafika pa 31 mpaka 33 kapena kuposerapo, m'pofunika kuti katswiri akuunikeni mokwanira. Lembani nambalayo pamodzi ndi tsiku lake, mudzaifuna patsogolo.

Chachiwiri, khalani pamalo otetezeka

Mu 1992, dokotala wa matenda a maganizo Judith Herman anafotokoza kuti kuchira kumayenda m'magawo atatu: kupeza chitetezo, kukumbukira ndi kulira zimene zinatayika, kenako kubwerera pakati pa anthu. Ngati mukugonabe nyumba imodzi ndi amene amakuzunzani, nkhani yoyamba kwa mlangizi ikhale ya kumene mungathawire ndi amene mungamuimbire foni usiku. Ngati mukumva maganizo ofuna kudzipha, uzani dokotala kapena munthu amene mumam'khulupirira lero lomwe. Za mowa ndi mankhwala osokoneza bongo nenani zoona, osachepetsa, chifukwa amene amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi akhoza kukomoka ndipo amafunika kuyang'aniridwa ndi achipatala.

Chachitatu, phunzitsani thupi kutsika

Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala kamene kamaimba belu pakakhala ngozi. Pambuyo pa zoopsa kamakhala ngati galu wolondera amene amauwa ngakhale tsamba likagwa. Mtima umathamanga, manja amatuluka thukuta, ndipo kudziuza kuti palibe choopsa sikuthandiza kwenikweni. Thupi limamvera mpweya kuposa mawu.

Khalani pampando, mapazi onse ali pansi, dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6. Mukatero mukupuma ka 6 pa mphindi. Chitani kwa mphindi 5, kawiri pa tsiku. Mphamvu ili pa kutulutsa, chifukwa mtima umachepetsa liwiro pamene mpweya ukutuluka. Ambiri amalakwitsa pokoka mpweya wochuluka mofulumira, ndiye carbon dioxide, mpweya umene timatulutsa popuma, amachepa m'magazi, mutu umayamba chizungulire, zala zimachita dzanzi, mantha n'kuwonjezeka. Cholakwa china ndi kuyembekeza tsiku la mantha kuti muyese koyamba. Zolowerani mtima uli m'malo kuti thupi lidzakumbukire lokha zikavuta.

Amene anakanyangidwa pakhosi kapena kumira m'madzi, kuganizira za mpweya kukhoza kumubwezera ku zoopsazo. Iyeyo asiye za mpweya, atsegule maso, atchule mokweza zinthu 5 zimene akuona, 4 zimene akuzikhudza, 3 zimene akumva m'makutu, 2 zimene akununkhiza ndi chimodzi chimene akulawa, kenako anene tsiku la lero ndi malo amene ali.

Gawo limeneli lisatenge miyezi yambirimbiri. Kukonzekera kosatha kumasanduka njira ina yothawira.

Chachinayi, yang'anizanani ndi zimene munaona

Apa m'pamene pagona kuchira. Kupewa kumapatsa mpumulo wa lero, koma kumaphunzitsa ubongo kuti chikumbukirocho n'choopsadi, choncho mawa mantha amabwera okulirapo. Mu 2013 bungwe la World Health Organization linalimbikitsa njira ziwiri za akuluakulu odwala PTSD: CBT (chithandizo chosintha kaganizidwe ndi zochita) yolunjika pa zoopsazo, ndi EMDR (chithandizo choyendetsa maso). Mufunseni mlangizi mosapita m'mbali kuti anaphunzira njira iti, mudzakumana kangati, ndipo adzadziwa bwanji kuti zikuyenda. Kucheza kokoma sabata ndi sabata kosakhudza nkhani yeniyeniyo kumatonthoza, koma sikuchiza.

Kawirikawiri pamafunika maulendo 8 mpaka 12 okumana ndi mlangizi, kamodzi pa sabata, ndipo amene anazunzidwa kwa zaka kuyambira ali mwana amafuna ochulukirapo. Mu mtundu wa CBT wotchedwa Prolonged Exposure, umene anakonza Edna Foa, mumafotokoza zimene zinachitika mokweza ngati zikuchitika tsopano, mobwerezabwereza, mawuwo n'kujambulidwa kuti muzikamvetsera kunyumba. Mumalembanso mndandanda wa zimene mumapewa, chilichonse n'kuchipatsa nambala ya mantha kuyambira 0 mpaka 100. Wopulumuka pa ngozi angayambe ndi kukhala m'galimoto yoimitsidwa, kenako injini ikulira, kenako ulendo waufupi. Amayambira pa zapakatikati, cha pa 40 kapena 50, n'kubwereza tsiku ndi tsiku mpaka zitazolowereka. Kulumphira pa 90 tsiku loyamba ndiko kumagwetsa anthu mphwayi.

Cognitive Processing Therapy ya Patricia Resick, imenenso ndi mtundu wa CBT, ya maulendo pafupifupi 12, imalimbana ndi ziganizo zimene zinamatirira mumtima, monga "ndikanapanda kupita uko sizikanachitika" kapena "palibe munthu wokhulupirika". Ndi yabwino kwambiri kwa amene manyazi ndi kudziimba mlandu zimam'pweteka kuposa mantha. EMDR, imene anayambitsa Francine Shapiro mu 1987, imafuna kuti mugwire chithunzi cha zoopsazo m'maganizo uku maso akutsatira zala za mlangizi kumanja ndi kumanzere, ndipo simuyenera kufotokoza zonse mwatsatanetsatane.

Kwa amene anakumana ndi zoopsa zambiri motsatizana, monga othawa nkhondo, pali Narrative Exposure Therapy. Chingwe chimayalidwa pansi kuimira moyo wanu kuyambira pa kubadwa. Pa chochitika chilichonse chowawa mumaikapo mwala, pa chosangalatsa mumaikapo duwa, ndipo chakumapeto kwa chingwecho chimasiyidwa chokulungiza chifukwa ndi zaka zimene simunafike. Kenako mumayenda mwala ndi mwala, mlangizi akulemba, mpaka nkhani imene inali zidutswazidutswa itakhala ndi poyambira ndi pothera.

Dziwiranitu kuti kwa ena maloto oipa ndi kukwiya zimawonjezeka m'masabata oyamba, ndipo ambiri amasiyira pamenepo. Muuzeni mlangizi, achepetse liwiro, koma musazimiririke. Tsiku lokumana naye musadziunjikire ntchito zolemetsa pambuyo pake. Yendani pansi kwa mphindi 20 kapena 30. Ndipo samalani ndi ichi: kukoka ndi kutulutsa mpweya kuja ndi kwa musanayambe ndi mukamaliza kukumana ndi mlangizi. Mukamakugwiritsa ntchito pothawa nthawi iliyonse nkhani ikafika powawa, ubongo suphunzira kuti mukhoza kudutsa pamenepo n'kutuluka wamoyo.

Za mankhwala

Sertraline, paroxetine ndi venlafaxine ndi amene madokotala amalembera kawirikawiri. Amatenga masabata angapo, nthawi zambiri 4 mpaka 6, kuti ayambe kugwira, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Mankhwala okhazika mtima pansi monga diazepam amagonetsa usiku woyamba, koma amazoloweretsa ndipo sachiza PTSD. Mankhwala azitsamba muwatchule onse kwa dokotala. Chitsamba cha St John's wort chikakumana ndi sertraline chikhoza kuchulukitsa m'thupi serotonin, kemikolo yotumiza mauthenga mu ubongo, mpaka munthu kudwala mwakayakaya.

Tulo, masewera ndi anthu okuzungulirani

Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale munagona mochedwa, ndipo khofi asapitirire masana. Mowa umabweretsa tulo msanga koma umadula tulo ta m'bandakucha, nthawi imene maloto amachuluka. Loto loipa likamabwerezabwereza, lilembeni masana, musinthe mathero ake mmene mukufunira, n'kumaliona m'maganizo mwa njira yatsopanoyo kwa mphindi 10 mpaka 20 tsiku lililonse.

Kuyenda mofulumira, kusambira kapena kuvina kwa mphindi 150 pa sabata kumathandiza tulo ndi nkhawa. Pa yoga, kusinkhasinkha ndi kutikita minofu, inu ndi amene mumalamula: maso akhoza kukhala otsegula, khalani poona khomo, ndipo wina asakugwireni musanavomere. Mphunzitsi wokana zimenezi musiyeni. Pemphero ndi gulu la anzanu zimachotsa kusungulumwa, malinga ngati palibe wokukakamizani kufotokoza zonse pagulu kapena kukhululuka nthawi isanakwane. Amene angakuuzeni kuti musiye mankhwala kapena kuti mudzachira pa tsiku limodzi, musam'mvere.

Masabata angapo alionse yankhaninso mafunso a PCL-5 aja n'kufananiza ndi nambala yoyamba. Ikatsika ndi 10 kapena kuposerapo, chithandizocho chikugwira. Onaninso za tsiku ndi tsiku, monga maola amene mukugona ndi malo amene mwayambanso kupitako. Mukafika pa theka la maulendo amene munagwirizana koma palibe chasintha, kambiranani ndi mlangizi ngati ntchito imene amakupatsani yokachita kunyumba ikuchitikadi, ngati pali chochitika china chimene simunatchule, kapena ngati ndi nthawi yoyesa njira ina.