Pistola yaikulu pansi pa malaya: momwe mungaiyesere musanatulutse ndalama

Pistola yaikulu, monga Glock 17, Beretta 92FS kapena CZ 75 B, anaipangira msilikali ndi wapolisi amene amaipachika poyera pa lamba wa yunifomu. Ndiye chifukwa chake ili ndi mpope wautali, chogwirira chodzaza dzanja lonse, ndi magazini yolowa zipolopolo 15 mpaka 17. Zimenezi zimathandiza kuwombera molunjika. Koma ndi zomwezonso zimene zimasautsa munthu wofuna kuyenda nayo pansi pa malaya kuno ku Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40 ndipo palibe amene angalimbe mtima kuvala jekete.

Yambani ndi mapepala, mfutiyo musanaikhudze n'komwe. Ku Mozambique nkhani za mfuti zimayendera Regulamento de Armas e Munições, malamulo amene anakhazikitsidwa ndi Decreto 8/2007, ndipo chiphaso chokhalira ndi mfuti komanso kuyenda nayo chimachokera ku PRM, polisi ya dziko la Mozambique. Malamulowa amaika malire pa kukula kwa chipolopolo ndi kutalika kwa mpope wa pistola yodzitetezera munthu wamba, choncho musangoganiza nokha kuti pistola ya 9 mm ya mpope wopitirira masentimita 11 ilowa m'malirewo. Pitani ku Comando Provincial, likulu la polisi la m'chigawo, mutalemba dzina la mfutiyo, mtundu wa chipolopolo chake ndi kutalika kwa mpope, mukamve ngati chiphaso chanu chingaikhudze. Wapolisi kapena mlonda wa kampani amanyamula mfuti potsata malamulo a ntchito yake, ndipo zimene iye amaloledwa si zimene wamalonda wa ku Ulónguè amaloledwa. Chiphasocho chimathera pa malire a dziko: pa Zóbuè, Calómuè, Cuchamano kapena Cassacatiza simungaoloke nayo mfuti chifukwa choti muli ndi pepala la kuno.

Palinso ma Makarov ndi ma Tokarev, mapistola akale otsala pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma la 1992. Kuyambira 1995 bungwe la Conselho Cristão de Moçambique linkasinthanitsa mfuti zotere ndi makasu, njinga ndi makina osokera, koma zina zidakali m'manja mwa anthu. Wina akakunong'onezani za pistola yotchipa yopanda pepala, kanani. Ilibe mtengo uliwonse woti tikambirane, ndi mlandu basi.

Kuiona ndi maso

Musanayang'ane china chilichonse, ichotseni zipolopolo, ndipo chitani nokha ngakhale mwini wake atalumbira kuti ilibe kanthu. Lozetsani kamwa la mfuti pansi pa dothi kapena ku chidebe cha mchenga, chala chili kunja kwa kachitsulo kowombera. Tulutsani magazini kaye. Kenako kokani silaidi, chitsulo cha pamwamba chija, muitsekere kumbuyo, muyang'ane m'kachipinda ka chipolopolo ndi kupisamo kachala. Mukasintha ndondomekoyi, n'kuyamba ndi kukoka silaidi magazini idakali m'kati, mumatulutsa chipolopolo chimodzi n'kulowetsa china, ndipo mfuti imene mukuti ilibe kanthu imakhala yodzaza.

Pa kukongola, Beretta 92FS ndiyo imakopa ambiri, ndi silaidi yake yotseguka pamwamba yoonetsa mpope. CZ 75 B ndi yachitsulo chokhachokha, yoonda pamwamba chifukwa silaidi yake imayenda m'kati mwa thupi la mfuti, ndipo chogwirira chake chimakhala bwino m'manja mwa anthu ambiri. Glock 17 ndi yamakona, thupi lake ndi lapulasitiki yolimba, siisangalatsa maso. Ife timaona kuti maonekedwe ndi ofunika pa chifukwa china: amakuuzani momwe mfutiyo yasungidwira.

Kusuluka kwa utoto kutsogolo kwa silaidi ndi m'makona kumabwera chifukwa chokhuzana ndi chimake, ndipo sikuvulaza kanthu. Choopsa ndi timaenje ta dzimbiri, makamaka mbali imene imagunda thupi ndi pansi pa zogwirira. Pa Beretta ndi CZ masulani zogwirirazo muone, chifukwa thukuta limabisala pamenepo. Pistola yakale yonyezimira ngati yatsopano ichititseni kaso pang'ono: ngati zilembo za kampani zikuoneka zofufutika ndipo makona amene amayenera kukhala akuthwa ndi obulungira, ndiye kuti anaipala n'kuipakanso kuti abise dzimbiri. Nambala ya mfuti ifanane ndi ya pa mapepala chilembo ndi chilembo. Pa Glock nambalayo imapezeka pa thupi, pa silaidi ndi pa mpope. Pamalo pa nambala pakaoneka popalidwa kapena pokhomedwanso, bwezani mfutiyo.

Chotsani mpope, muupukute ndi kansalu, muunike ndi tochi kuchokera kumbuyo. Mizere yozungulira m'katimo ioneke bwino, popanda timaenje. Mukaona mphete yakuda m'kati, kapena chala chikamva kutupa kunja kwa mpope, ndiye kuti wina anawombera chipolopolo china chitatsakamira m'katimo, ndipo mpope wotero watha ntchito. Mpope wa ma Glock akale umaoneka wosalala chifukwa mizere yake ndi yamtundu wina, yopanda makona akuthwa. Osauyesa wakutha.

Mtundu uliwonse uli ndi pofooka pake. Pa Beretta 92 yang'anani kachitsulo kotsekera pansi pa mpope, kamene kali ndi timapiko tiwiri: timapikoto timachita ming'alu mfuti ikawombera kwambiri. Pa CZ 75 chimene chimathyoka ndi kachitsulo kogwira silaidi, komanso kasipuling'i kobwezera chowombera. Pa Glock ndi sipuling'i yobwezera silaidi imene imatopa, ndipo tizitsulo tolunjikitsira ta kufakitale ndi tapulasitiki, timaphwanyika tikagunda pakhomo la galimoto. Zonsezi ndi zotheka kusintha, bola mudziwe kumene mukazipeze mwalamulo.

Mtengo wake weniweni

Mtengo wa pistola si ndalama imene wogulitsa watchula yokha. Onjezeranipo magazini ziwiri kapena zitatu zakampani yomweyo, chimake chabwino, lamba, sefa yosungira, ndalama za chiphaso ndi kuchikonzanso nthawi yake ikakwana, ndi zipolopolo zophunzirira. Kutsekeka kwambiri kwa pistola kumayambira pa magazini, ndiye yang'anani milomo yake ya pamwamba ngati sinatambasuke kapena kung'aluka, ndipo dinani mbale ya m'kati ndi chala muone ngati ikubwerera mwamphamvu.

Taurus PT92 ya ku Brazil ndi Vektor Z88 ya ku South Africa zinachokera pa mapangidwe a Beretta 92 ndipo zimaoneka ngati iyo, koma musalipire mtengo wa Beretta pa izo, ndipo musaganize kuti magazini ya imodzi ilowa mwa inzake musanayese. Pa zipolopolo, 9×19 ya pistola zazikuluzi si 9×18 ya Makarov ngakhale zonse anthu amangoti "naini". Werengani zimene zalembedwa pa mpope ndi pa bokosi la zipolopolo.

Kodi ibisika?

Apa ndi pamene ambiri amanyengeka, chifukwa amayang'ana kutalika kwa mpope. Mpope wa Glock 17 ndi mamilimita 114, wa Beretta 92FS ndi 125, koma mpope umalowa m'kati mwa buluku ndipo suoneka. Chimene chimatukula malaya ndi chogwirira. Pistola zitatuzi n'zotalika pafupifupi masentimita 14 kuchokera pamwamba pa silaidi kufika pansi pa magazini, ndipo nsonga ya chogwiriracho imatuluka kumbuyo kwa nthiti nthawi iliyonse mukawerama. Glock 19, mng'ono wake wa 17, ndi yofupikirapo ndi sentimita imodzi yokha pamenepo, koma sentimita imeneyo imasintha zambiri pansi pa shati yopyapyala. Kunenepa nakonso kumawerengedwa: Beretta ndi mamilimita 38 m'mbali, Glock 17 ili pakati pa 32 ndi 34 malinga ndi m'badwo wake.

Ndiye kulemera. Chipolopolo chimodzi cha 9×19 chimalemera pafupifupi magalamu 12. Glock 17 yodzaza imafika pafupifupi magalamu 915. Beretta 92FS imalemera pafupifupi magalamu 950 ilibe kanthu ndipo ikadzaza imapyola kilogalamu imodzi, CZ 75 B yodzaza imafika pa makilogalamu 1.2. Mangani paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi mbali imodzi ya chiuno kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mudzamva zimene msana wanu udzanene. Munthu akatopa nayo amayamba kuisiya m'galimoto kapena m'dilowa ya sitolo, ndipo kumeneko ndi kumene mfuti zimabedwa.

Ngati mwatsimikizabe kuinyamula, yambani ndi lamba. Lamba wamba wa pamsika amapindika, chogwirira chimagwera kunja, buluku limatsika mbali imodzi ndipo mumangolikweza tsiku lonse, aliyense n'kumaona. Mufunika lamba wolimba wa mamilimita 38 m'lifupi, wachikopa chokhuthala cha magawo awiri kapena wa nayiloni yolimbitsidwa, woti mukamufinya m'mbali ndi zala asapindike. Buluku likhale lokulirapo ndi masentimita 4 kapena 5 m'chiuno.

Chimake, chimene apolisi ndi alonda amati coldre, chikhale chopangidwira mtundu wa mfuti yanuyo. Chiphimbe kachitsulo kowombera mbali zonse ziwiri, kamwa lake likhale lotseguka mfuti ikatuluka, ndipo mukachizondotsa muli mfuti yopanda zipolopolo pamwamba pa bedi, isagwe. Zimake zansalu zofewa zoti zimalowa mfuti iliyonse zimapindikira m'kati ndipo zingathe kukankha chowombera. Chikopa chimamwa thukuta n'kufewa m'nyengo yotentha, ndiye kuno kuchigwa chapulasitiki yolimba chokhala ndi mbali yotchinga thupi chimaposa. Kusomeka pistola m'buluku popanda chimake musayese n'komwe.

Pistola yaikulu imabisika bwino ikakhala kumbuyo pang'ono kwa fupa la m'chiuno, itapendekera kutsogolo pafupifupi madigiri 15 kuti chogwirira chitsate nthiti. Kutsogolo pamimba, mpope wautali umalasa ntchafu mukakhala pansi, ndipo kamwa la mfuti limaloza pamene padutsa mtsempha waukulu wa magazi. Pakati pa msana ayi: mukagwa pa njinga yamoto mumagwera chitsulo pa fupa la msana.

Yeserani kunyumba mfuti ilibe zipolopolo, mutavala zimene mumavala masiku onse. Shati yopisira siigwira ntchito apa. Imafunika yotayirira, yansalu yolimbirapo, yakuda kapena yamaangamaanga. Imani pa galasi, kwezani manja ngati mukutsitsa katundu pa shelefu, weramani ngati mukunyamula thumba la chimanga, khalani pa mpando wopanikiza ngati wa mu chapa. Mu chapa mavuto ndi awiri: chogwirira chimagunda mpando n'kukukankhirani kutsogolo, ndipo amene mwapanikizana naye amaimva ndi chigongono. Ku Angónia ndi ku Tsangano m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene aliyense ali mu jekete, pistola yaikulu imabisika ndithu. Mu mzinda wa Tete ndi ku Moatize, kwa munthu woonda wovala shati imodzi, siibisika, ndipo ife sitingamulimbikitse kuigula ndi cholinga chimenecho. Ndi mfuti ya pa ntchito ya yunifomu kapena yosunga m'sefa kunyumba.

Dziwani mmene mtundu wanu umatetezera ngozi. Glock ilibe loko wa kunja woti mutseke ndi chala, ndipo chowombera chake chimafuna mphamvu ya pafupifupi makilogalamu 2.5 okha, kotero chimake ndicho loko wake. Beretta 92FS ili ndi kachitsulo pa silaidi kotsitsa bwinobwino kanyundo ka kumbuyo komenya singano ya chipolopolo, ndi kutseka mfuti. CZ 75 B ili ndi loko koma ilibe chotsitsira kanyundo, chimenecho chili pa CZ 75 BD. Kutsitsa kanyundo ndi chala chipolopolo chili m'kati ndi pamene chala chathukuta chimaterereka mfuti n'kulira. Nthawi ina yoopsa ndi pobwezera mfuti m'chimake. Chotsani nsonga ya malaya ndi dzanja linalo, yang'anani m'chimake, chala chikhale chowongoka pambali pa silaidi, ndipo lowetsani pang'onopang'ono. Mukamva kukana, imani, musakankhe.

Thukuta lili ndi mchere, ndipo chitsulo chongodetsedwa popanda utoto wolimba chimatha kuyamba dzimbiri tsiku limodzi lotentha. Madzulo alionse pukutani kunja konse ndi kansalu konyowa pang'ono ndi mafuta a mfuti. M'kati musathire ambiri: kadontho pa njira iliyonse ya silaidi ndi kamodzi kopaka kunja kwa mpope n'kokwanira, chifukwa mafuta ochuluka amasakanikirana ndi fumbi la m'chilimwe, kapena la malasha kwa amene amagwira ntchito ku Moatize, n'kusanduka phala limene limachedwetsa silaidi. M'magazini ndi m'njira ya singano yomenya chipolopolo musaikemo mafuta. Chipolopolo chimene mumalowetsa ndi kutulutsa tsiku ndi tsiku chiyerekezeni ndi chatsopano. Mutu wake ukaoneka kuti walowa m'kati, chichotseni, chifukwa chimaphulika ndi mphamvu yopitirira muyeso.

Mukafika kunyumba, mfuti ichoke m'chiuno n'kulowa m'sefa yokhomeredwa ku khoma kapena pansi, zipolopolo pamalo ena okiyidwa, kiyi ali pa inu. Pansi pa pilo ndi pamwamba pa kabati ana amafikapo. Tsiku limene mukupita kokamwa mowa, mfuti itsale m'sefamo.