Kavalidwe koyenera ka panty liner

Panty liner ndi kapadi kopyapyala komatidwa mkati mwa panti. Sikanapangidwire masiku amene msambo ukutuluka kwambiri, ndipo mukakadalira tsiku loyamba kapena lachiwiri, siketi idzathimbirira musanafike n'komwe kumsika. Ntchito yake ndi kulandira chikazi cha masiku onse, timadontho ta kumapeto kwa msambo, komanso timagazi timene amayi ena amationa akayamba jakisoni wa Depo kapena njira yolera ya pamkono.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa kasinthidwe. Mitundu yambiri ili ndi kapulasitiki kunsi, choncho mpweya sudutsa bwino. Mayi amene wakhala pa benchi yake ya tomato kuyambira m'mawa, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo, thukuta ndi chinyezi zimangotsekeredwa pakhungu, ndiye kuyabwa ndi kunyuka kumayambira pomwepo. Sinthani pakatha maola 4 kapena 5, ndipo kakanyowa msanga musadikire nthawiyo. Usiku vulani, thupi lipume. Ngati ndalama yogulira tokwanira kusintha palibe, kuli bwino kunyamula panti wina wa thonje m'chikwama kusiyana ndi kuswera ndi kamodzi tsiku lonse. Kunena zoona, mayi amene chikazi sichimuvutitsa alibe chifukwa chovalira tsiku ndi tsiku.

Pogula, sankhani topanda pefyumu. Tonunkhirato timakoma m'mphuno, koma khungu la kumaliseche ndi lofewa ndipo kwa ena limatupa kapena kuwotcha. Fungo loipa likakhalapo, pefyumu amangolibisa, matenda ali mkati.

Musanataye, kayang'aneni. Chikazi choyera kapena chooneka ngati madzi, chopanda fungo lamphamvu, ndi chachibadwa. Umo ndi momwe njira ya abambo imadziyeretsera. Kukatsala masiku pafupifupi 14 kuti musambe, chimachuluka n'kumanyulumuka ngati choyera cha dzira laliwisi, chifukwa ndi nthawi imene dzira limakhwima. Koma chikakhala chambulumbulu, choyera kwambiri ndiponso choyabwitsa, nthawi zambiri amakhala mauka. Chachikasu, chobiriwira kapena chonunkha nsomba chimafunanso chipatala, osati kuwonjezera ma liner kapena kutsuka mkati ndi sopo. Magazi otuluka mutatha kukhala malo amodzi ndi abambo, kapena mutasiya kale kusamba, musawazengereze: kapimitseni khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ikupha amayi ambiri m'Malawi muno. Kupima ndi viniga, kumene achipatala amati VIA, sikutenga nthawi.

Kogwiritsa ntchito kale kakulungeni m'pepala n'kukaponya m'bini kapena kukawotcha. M'chimbudzi chamadzi musaponyemo, kamatseka mapaipi. Sambani m'manja musanamate katsopano, ndipo paketi muisunge pouma, osati pa zenera la kubafa pamene pamagwa madzi.